Arthur Gould wa ku Newport ndi nyumba imene inaimitsa timu ya Wales

Ife Amalawi amene tikukhala muno mu Johannesburg tinachoka kwathu tikudziwa mpira umodzi wokha, wa miyendo, ndipo ambiri mwa ife rugby tinayamba kuionera chifukwa chosowa kothawira. Sabata imene Springboks, timu ya rugby ya dziko la South Africa, ili ndi masewero, Lachisanu lake anzathu a kuntchito amafika atavala majezi obiriwira, wailesi ya m'tekisi sikamba nkhani ina, ndipo amene amachita lendi cha ku Bertrams ndi ku Doornfontein amadziwa mmene misewu imathinira bwalo la Ellis Park likadzaza. Pang'ono ndi pang'ono munthu umayamba kumvetsa chifukwa chimene zimphona zija zimakankhirana mitu ili pansi, kenaka umayamba kufunsa za anthu amene anaumba masewerowa kalelo. Ine mafunso amenewa ananditengera ku Wales, dziko laling'ono la kumadzulo kwa chilumba cha Britain limene timu yake imavala zofiira, ndipo kumeneko ndi kumene kuli mbiri ya Arthur Joseph Gould, wosewera amene anthu a kwawo anamukonda mpaka kumugulira nyumba, nyumbayo n'kuchititsa kuti dziko lawo lithe nthawi yopitirira chaka lisanasewere ndi dziko lina lililonse.

Gould anabadwa pa 10 Okutobala 1864 m'tauni ya Newport, doko la pamtsinje wa Usk kumene sitima zapamadzi zinkapakira malasha ochokera m'migodi ya m'zigwa za kumwera kwa Wales. Bambo ake, a Joseph Gould, anachoka ku Oxford kudzagwira ntchito yosungunula ndi kuumba zitsulo m'tauniyi. M'banjamo munali ana aamuna asanu ndi mmodzi, ndipo onsewo anasewerako timu ya Newport. Atatu mwa iwo, Bob, Arthur ndi Bert, anafika povala jezi ya dziko, pamene wina, Wyatt, anakaimira Britain pa mpikisano wothamanga modumpha zotchinga pa masewero a Olympics a ku London mu 1908. Ali mwana Arthur ankangokhalira m'mitengo, moti anzake anamupatsa dzina loti Monkey, ndipo dzinalo linamumatirira moyo wake wonse.

Mmene analowera m'timu yaikulu ya Newport ndi nkhani imene okonda kalabuyi amaikambabe. Mu Novembala 1882, iye ali ndi zaka 18, timuyo inali ndi masewero ndi Weston-super-Mare, koma wosewera wake wa kumbuyo kwenikweni, amene amamutcha fullback, sanatulukire chifukwa anali kumaliro. Wosamalira bwalo ataona mnyamatayu akudutsa, anamukodola kuti adzatseke mpatawo. Ntchito ya fullback masiku amenewo inali yosachita kufunsa: kuwakha mpira ndi kuumenya kutali kuti ngozi ichoke pakhomo. Kaputeni wa timu, Charlie Newman, ankangokuwa kuti mwanayo amenye mpira, koma mwanayo ankaukumbatira n'kuuyatsa liwiro, kuzemba adani mmodzimmodzi mpaka kukaugunditsa pansi kuseri kwa mzere wawo, chimene pa rugby amachitcha try. Tsiku limenelo anagoletsa ma try awiri. Kusamverako kunamupezetsa malo m'timu, ndipo anakhalamo zaka zoposa khumi ndi zisanu.

Amene anamuona akusewera amati sanali wa thupi loopsa. Anali wa msinkhu wapakatikati, wopepuka, waliwiro, wodziwa kupotoza thupi ali pa liwiro lomwelo moti womugwira ankangofumbata mphepo, ndipo ankamenya mpira ndi mwendo uliwonse. Nyengo ya rugby ikatha ankapikisana pa mijaha yothamanga ndi yodumpha zotchinga, kumene anapata mphoto zambiri. Ntchito yake inali ya zomangamanga, ndipo inkamuyendetsa m'madera osiyanasiyana, n'chifukwa chake dzina lake limapezekanso m'mbiri ya makalabu a ku England monga Richmond, London Welsh ndi Southampton Trojans, komanso m'timu ya chigawo cha Middlesex. Mu 1890 ntchito yomweyo inamutengera ku West Indies, ndipo anabwerera kwawo n'kupeza nyengo ya 1891–92, imene Newport, motsogozedwa ndi Tom Graham, inamaliza osagonja ngakhale kamodzi. Mu nyengo ya 1893–94, iye mwini ali kaputeni wa kalabuyo, anagoletsa ma try 37.

Pa masewero a pakati pa maiko, Wales inali yachilendo. Inayamba mu Febuluwale 1881 ku Blackheath, kumene England inaikuntha mochititsa manyazi, ndipo bungwe loyendetsa masewerowa m'dzikolo, limene linkatchedwa Welsh Football Union, linakhazikitsidwa mwezi wotsatira m'tauni ya Neath. Gould anavala jezi yofiira koyamba mu Januwale 1885 ku Swansea, pokumana ndi England, ali pa fullback, ndipo posakhalitsa anamusunthira pakati pa mzere wa othamanga ndi mpira, malo otchedwa centre, kumene anatchukira.

Apa pali nkhani imene imandikondweretsa chifukwa imaonetsa kuti katswiri naye amatha kukana chinthu chimene chidzamukweze. Nthawi imeneyo matimu ankaika amuna asanu ndi anayi kutsogolo kokankhana, ndipo pa mzere wa othamanga pankakhala anthu atatu okha. Kalabu ya Cardiff, motsogozedwa ndi Frank Hancock, inayesa kuchotsa munthu mmodzi kutsogolo n'kumuwonjezera pa mzere wa kumbuyowo kuti akhale anayi, awiri pakati ndi awiri m'mapiko, n'cholinga choti mpira uziyenda m'manja mofulumira mpaka ukapeze mpata kumbali. Mu 1886, chaka chomwe golide anapezeka kuno ku Witwatersrand n'kubadwitsa mzinda tikukhalamowu, timu ya dziko la Wales inayesa njirayi pokumana ndi Scotland, Hancock ndi Gould ali pakati. Zinakanika. Amuna asanu ndi atatu a kutsogolo analephera kupirira mphamvu za asanu ndi anayi a Scotland, mpira sunkafika kumbuyo, ndipo masewero ali m'kati anabwerera ku njira yakale, Gould n'kubwezedwa pa fullback. Wales inagonja, ndipo Hancock sanasewerenso timu ya dziko. Gould anakhala zaka zingapo akutsutsa njirayo, ndipo sindikumudabwa, pakuti munthu amene anazolowera kulandira mpira n'kudzionera yekha njira sangakondwere msanga ndi dongosolo lomuuza kuti apatsire mnzake. Koma njirayo itakhazikika ku Newport, iye ndi amene anadzakhala mwini wake weniweni, ndipo maiko ena anaitengera ataona zimene Wales inachita mu 1893. Mpaka lero, timu ikalowa pa Ellis Park, kutsogolo kumakhala asanu ndi atatu ndipo pa mzere wa othamanga pamakhala anayi.

Chaka cha 1893 chinayamba ndi chisanu choopsa. Masewero a Wales ndi England anali oti achitike pa 7 Januwale pa bwalo la Cardiff Arms Park, koma nthaka inali itauma gwa ndi kuzizira, ndipo kugwetsana pamalo otero kukanathyola anthu mafupa. Osamalira bwalo anayala mbaula pafupifupi 500 pabwalo ponse, n'kuzisonkhezera usiku wonse ndi malasha okwana matani 18. Kutacha bwalo linali litafewa ndithu, koma paja amati walira mvula walira matope: pamene panali mbaula iliyonse panatsala bala lakuda la matope ndi phulusa, malo ena poterera, ena pakadali pouma, moti osewera ankachita kusankha poponda. Chigawo choyamba chinatha England ikutsogola ndi mapointi 7 kwa 0, ndipo atangobwerako kopuma inawonjezera kufika pa 9. Masiku amenewo try inkapatsa mapointi awiri okha, pamene kumenya mpira wowonjezera pakati pa mapolo kunkapatsa atatu. Apo ndi pamene amuna a kutsogolo a England anayamba kutopa. Gould analandira mpira cha pakati pa bwalo, n'kudutsa mpaka pansi pa mapolo, Billy Bancroft wa ku Swansea n'kuwonjezera atatu aja. Norman Biggs anagoletsa try ina kuphiko. Howard Marshall wa England, amene anasewera timu ya dziko lake tsiku limeneli lokha, anagoletsa try yake yachitatu, koma Gould anayankha ndi yake yachiwiri, zinthu n'kukhala 11 kwa 9 nthawi ili pafupi kutha.

Kenaka Wales inapatsidwa penate pamalo ovuta, cha kumbali. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti kaputeni Gould ankafuna kuti mpirawo aukhazike pansi kaye ndiye aumenye, koma Bancroft anaumirira kuti aumenya mouponya pansi kuchokera m'manja, ndipo awiriwo anakangana pamaso pa khamu lonse mpaka Gould anautaya mpirawo pansi n'kutembenuka. Bancroft anaumenya mmene ankafuniramo ndipo unadutsa pakati pa mapolo. Wales inapambana 12 kwa 11, ndipo ochemerera anamunyamula Gould pamapewa kuchoka naye pabwalo. Ndimaganiza kuti tsiku limenelo iye anakumana ndi munthu wa khalidwe lake lomwe, wosamvera kaputeni pamene mtima wamuuza kuti akhoza. Mwezi wotsatira Wales inakagonjetsa Scotland 9 kwa 0 ku Raeburn Place mu Edinburgh, ndipo mu Malichi inagonjetsa Ireland 2 kwa 0 pa Stradey Park ku Llanelli. Aka kanali koyamba kuti Wales igonjetse maiko atatu onsewo m'chaka chimodzi, ulemu umene amautcha Triple Crown.

Try imodzi yokha ija ya pa masewero a Ireland anagoletsa ndi Bert Gould, mng'ono wake wa Arthur, amene anasewera pambali pa mkulu wakeyo pakati. Bert anavala jezi ya dziko katatu kokha, kenaka nayenso ntchito inamuchotsa kwawo, ndipo mapeto ake anadzakhala kuno ku South Africa, kumene anamwalira mu 1913 ku Germiston. Amene timakwera matekisi opita ku East Rand timadutsa m'tauni imeneyo osaganizako kuti munthu amene anamalizitsa chikondwerero choyamba cha rugby ya ku Wales anatsirizira moyo wake komweko, kutali ndi mtsinje wa Usk.

Kuti timvetse zimene zinachitika pambuyo pake, tiyenera kuyamba ndi lamulo limene linkalamulira rugby nthawi imeneyo, loti wosewera asalandire kanthu kalikonse chifukwa cha kusewera. Lamuloli linkatetezedwa kwambiri ndi akuluakulu a bungwe la ku England, Rugby Football Union, amene ambiri mwa iwo anali anthu ophunzira m'sukulu za ana a opeza bwino, oti kusewera Loweruka sikunkawachotsera kalikonse m'thumba. Wogwira ntchito m'mgodi kapena m'fakitale ya nsalu zake zinali zina, chifukwa Loweruka linali tsiku la ntchito, ndipo kupita kukasewera kutali kunali kujomba, malipiro a tsikulo n'kudulidwa. Makalabu a kumpoto kwa England anapempha kuti aziloledwa kubwezera osewera ndalama za tsiku lotayikalo, bungwe linakana, ndipo pa 29 Ogasiti 1895 makalabu a kumpotoko anakumana pa George Hotel m'tauni ya Huddersfield n'kupatuka, kukhazikitsa Northern Union, imene inadzasanduka masewero a rugby league, mtundu wina wa rugby wosiyana ndi woyamba uja umene umatchedwa rugby union. Kuyambira pamenepo akuluakulu a ku London ankaona mdani pa ndalama iliyonse yodutsa pafupi ndi wosewera.

M'nyengo yotereyi, mu 1896, anthu a ku Wales anayamba msonkhamsonkha wothokoza Gould, amene panthawiyo anali atasewera timu ya dziko kambiri kuposa wina aliyense ndipo zinkaoneka kuti watsala pang'ono kupuma. Nyuzipepala ya South Wales Argus inalimbikitsa ganizoli, amalonda a malasha a ku Cardiff analigwira, ndipo anthu wamba anayamba kuponya masheleni awo, sheleni yomwe ija agogo athu ankaidziwa kwacha isanabwere mu 1971. Bungwe la Welsh Football Union nalonso linalonjeza masheleni 1,000, amene ndi mapaundi 50. Ndalama zitakwana mapaundi mazana angapo, anagwirizana zomugulira nyumba imene ankakhalamo, yotchedwa Thornbury, m'dera la Clytha Park ku Newport. A ku England anadandaula kuti kumeneko kunali kulipira wosewera, ndipo bungwe la maiko onse, International Board, linagamula kuti Gould angalandire mphatso ya ziwiya zasiliva zosapitirira mapaundi 100, ndalama zotsalazo zipite kwa osowa. Tizikumbukira kuti m'bungwe limeneli England inali ndi mipando isanu ndi umodzi, pamene Scotland, Ireland ndi Wales anali ndi iwiri iwiri.

Nkhani imeneyi ndinaifotokozera anzanga a m'gulu lathu lothandizana pa maliro, limene timakumana Lamulungu masana m'galaja ya mmodzi wa ife cha ku Rosettenville. Msungichuma wathu ndi bambo achikulire amene anayamba kubwera ku Joni nthawi ya TEBA, ndipo ali ndi kope la chikuto cholimba lomwe m'makona mwake munapindika ndi kugwiragwira, mmene amalemba dzina la aliyense, boma la kwawo ndi ndalama imene wapereka, wina R50, wina R200, wina kangachepe kamene wakwanitsa, kenaka amajambula tsambalo ndi foni n'kuliponya pa WhatsApp kuti aliyense aone. Atamva chigamulo cha International Board anavula magalasi n'kundifunsa kuti, “Kodi achimwene, ndalamazo anasonkha ndi a bungwewo?” Ndinayankha kuti, “Ayi bambo, anasonkha ndi anthu.” Iwo anati, “Nanga iwo zinkawakhudza chiyani? Mbale yasiliva munthu angabisalemo mvula?” Ndikhulupirira kuti anthu a ku Newport ankaganiza chimodzimodzi. Chopereka cha gulu chili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi amene amadziwa chimene mnzawo akusowa. Iwo sankaona ngati akugula miyendo ya Gould, pakuti anali atawasewerera kale zaka zonsezo osawalipiritsa.

Poyamba bungwe la ku Wales linachita mantha n'kubweza lonjezo lake, koma mkwiyo wa makalabu ndi wa anthu unali waukulu moti linasinthanso maganizo. Gould anatsogolera timu ya dziko komaliza pa 9 Januwale 1897 pa bwalo la kwawo la Rodney Parade, kumene Wales inagonjetsa England 11 kwa 0. Mwezi wotsatira Welsh Football Union inatuluka mu International Board, ikunena kuti bungwelo linalibe mphamvu yolowerera pa nkhani ya m'nyumba mwa eni, ndipo Scotland ndi Ireland anakana kusewera ndi Wales chaka chimenecho. Lolemba la Pasaka mu 1897, pa phwando lalikulu ku Drill Hall m'tauni ya Newport, mtsogoleri wa bungwe la ku Wales, Sir John Llewellyn, anapereka mapepala a nyumba ija m'manja mwa Gould pamaso pa anthu onse.

Ine ndili kumbali ya Wales pa mkanganowu, koma sindikufuna kuiyeretsa kuposa mmene inaliri. Gould sanali mmphawi wa m'mgodi. Anali munthu wa ntchito yabwino, wodziwika, wokondedwa ndi amalonda ndi a nyuzipepala, ndipo n'chifukwa chake dziko lonse linaimirira pa iye. Zaka zochepa m'mbuyomo, Evan ndi David James, pachibale pawo, anyamata a ku Swansea ogwira ntchito yosungunula mkuwa amenenso anali akatswiri a timu ya dziko, anapita kukasewera ku Broughton Rangers cha ku Manchester, ndipo bungwe la ku England linawaletsa kusewera powaganizira kuti analandira ndalama. Anakhala kunja kwa rugby mpaka 1896, ndipo panalibe amene anatuluka m'bungwe la maiko chifukwa cha iwo. Mu 1899 anapitiratu ku Northern Union, kumene malipiro sankachita kubisa. Lamulo linali limodzi, koma kulemera kwake kunkasiyana malinga ndi phewa limene lagwera.

Mmene mkanganowo unathera ndi umboni winanso. Makalabu a kumadzulo kwa England ankadalira masewero awo ndi matimu a ku Wales kuti apeze ndalama za pakhomo, ndipo akuluakulu a ku London ankaopa kuti akakankhira Wales kukhoma, makalabu ake onse akhoza kulowa Northern Union, imene inali yokonzeka kuwalandira ndi manja awiri. Choncho chakumapeto kwa 1897 Rugby Football Union inafewetsa mtima, n'kulola kuti nkhani ya Gould ionedwe ngati yapadera. Mu Febuluwale 1898 Wales inabwerera mu International Board itavomera kutsata malamulo a bungwelo, komanso kuti Gould sadzaseweranso timu ya dziko. Nyumba ija sanamulande. Wales inayambiranso masewero mu Malichi 1898 pokumana ndi Ireland, koma Scotland inadikira mpaka 1899. Anthu amene ankati ndalama zidetsa masewero anagonja pa chifukwa cha ndalama zomwezo, ndipo rugby ya ku Wales inatsala m'banja la rugby union ili masewero a anthu a m'migodi ndi m'madoko, zimene zinaisiyanitsa ndi ya ku England kwa zaka zambiri.

Lamulo loletsa malipiro linakhalapobe pafupifupi zaka zana limodzi kuchokera apo, ndipo mzinda wathu uno uli ndi gawo pa kutha kwake. Pa 24 Juni 1995 South Africa inagonjetsa New Zealand 15 kwa 12 pa Ellis Park, a Nelson Mandela n'kupereka chikho cha dziko lonse kwa kaputeni wa South Africa, François Pienaar, ndipo pofika nthawi imeneyo ndalama za makampani a wailesi yakanema zinali zitachuluka moti panalibenso amene akananamizira kuti osewera akungosewerera chikondi. Miyezi iwiri pambuyo pake, mu Ogasiti 1995, International Board inakumana ku Paris n'kulengeza kuti osewera rugby union akhoza kulipidwa poyera.

Gould anapuma atasewera timu ya dziko maulendo 27, ndipo pa maulendo 18 mwa amenewo anali kaputeni, chiwerengero cha ukaputeni chimene chinakhala osapitiriridwa mpaka nthawi ya kaputeni wina wa Wales, Ieuan Evans, m'zaka za m'ma 1990. Sanatalikirane ndi masewerowa, pakuti anakhala woyimbira, membala wa komiti ya bungwe la ku Wales komanso mmodzi wa osankha timu ya dziko, pamene malo ake apakati anatengedwa ndi Gwyn Nicholls wa ku Cardiff, amene anadzatsogolera timu yomwe inagonjetsa New Zealand mu 1905. Kuntchito, Gould anasiya zomangamanga n'kulowa kampani ina yofulula mowa ku Newport komweko. Pa 2 Januwale 1919 anadwala mwadzidzidzi ali kuntchito, anathamangira naye kunyumba, ndipo anamwalira tsiku lomwelo chifukwa chotaya magazi m'kati mwa thupi, ali ndi zaka 54. Anaikidwa m'manda a St Woolos ku Newport, ndipo maliro ake amatchulidwa kuti anali aakulu kuposa ena onse amene Wales inaonapo kufikira a David Lloyd George, nduna yaikulu yakale ya Britain, mu 1945. Mu 1923 anthu anasonkhanso ndalama m'dzina lake, koma ulendo uno anazipereka ku chipatala cha Royal Gwent m'tauni yomweyo, ndipo chipatalacho chinapatula bedi limodzi la odwala n'kulilemba dzina la Arthur Gould.